Mayeso Omwe Anatuluka M'chipinda Chokhoma

Mafunso a mayeso anatuluka m'chipinda chopanda zenera, cha chitseko chachitsulo ndi maloko atatu, koma palibe amene anathyola ngakhale limodzi. Awa ndiwo mawu amene mwini kampani yosindikiza mapepala analonjera nawo Sajeni, mayi wa kupolisi yofufuza milandu, asanamupatse n'komwe mpando.

"Ndiye mukuona nokha, a Sajeni," anatero bamboyo akugwedeza mtolo wa makiyi. "Wakuba sanachokere kunja. Ndi wam'nyumba momwemuno, ndipo anzanu amugwira kale. Sindikudziwa chomwe mwabwereranso."

Antchito awo ankawatchula kuti a Maloko, ndipo eni ake dzinalo ankalinyadira. Ankakhulupirira chitsulo kuposa anthu. Ngakhale kabati yosungiramo shuga ankaikhoma, kiyi n'kuponya m'thumba.

Nkhani inali iyi. Koleji ina yophunzitsa anamwino inkasindikizitsa mayeso ake pakampanipo. Loweruka ntchito inagwiridwa, mapepala n'kumatidwa m'maenvulopu, galimoto ya koleji n'kudzanyamula. Pofika Lachiwiri mafunso onse anali akuyenda m'mafoni a ophunzira, akugulitsidwa ngati tomato. Koleji inaimitsa mayeso. Apolisi atafunsa kuti anakhudza mafunsowo ndani, chala cha a Maloko chinaloza mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, yemwe ankatayipa ndi kukonza masamba. Mayiyu anthu ankamutchula kuti amake Namwino, chifukwa mwana wake mmodzi yekhayo anali m'chaka chomaliza pakoleji yomweyo. Tsopano mayi anali m'chitokosi, akudikira kukaonekera kukhoti Lachisanu, ndipo koleji inali itanena kale kuti mlandu ukamupeza, mwanayo achotsedwa sukulu.

Sajeni sankakonda milandu yobwera itapsa kale. Zaka zake pantchito zinamuphunzitsa kuti mlandu ukamaoneka wosalala kwambiri, kawirikawiri umakhala chikomekome cha mkuyu.

"Ndisonyezeni m'mene mumagwirira ntchito yachinsinsi," anatero.

Nkhope ya a Maloko inawala, poti apa ndiye panali pamtima pawo. Anatsogolera njira kudutsa kauntala ndi benchi la makasitomala, n'kutsegula maloko aja limodzilimodzi. M'chipindamo munali tebulo, kompyuta yakale ndi pulinta yaikulu yofika pachifuwa.

"Mafoni onse amatsala kwa mlonda, yanga yomwe. Kompyuta iyi chiigulireni sinalaweko intaneti. Imangolankhula ndi pulinta basi, kudzera pa kawaya aka. Ndiye chachikulu n'ichi." Anawerama kuseri kwa pulinta, n'kuzula waya wabuluu, n'kumukweza m'mwamba ngati munthu woonetsa njoka imene wapha yekha. "Uyu ndiye amalumikiza pulinta ndi makompyuta a kutsogolo kuja. Tikamayamba mayeso ndimamuzula ndi dzanja langa, mkulu wa mayeso wa kukoleji akuona, n'kumukoleka pamsomali apo. Akuba a pa intaneti mumawamva pawailesi aja azilowera pati?"

"Mumamubwezera liti?"

"Lolemba m'mawa. Mapepala atapita, fayilo itafufutidwa pakompyuta, zonse zitayera."

"Ntchito za makasitomala mumasindikiza pa pulinta yomweyi?"

"Yomweyi. Ina ndiitenga kuti?"

"Mlamu wanu anatsalako yekha muno?"

"Kanthawi kochepa. Ine ndi mkulu wa mayeso tinatuluka kukawotcha mapepala owonongeka. Mpata wake unali womwewo."

"Anawonongeka bwanji?"

"Aaa, zazing'ono. Titasindikiza koyamba, chithunzi cha mtima wa munthu chinatuluka chozondoka. Mlamu anakonza, tinasindikizanso, oipawo tinawotcha mpaka phulusa."

Sajeni anatulutsa foni yake n'kutsegula mafunso ogulitsidwa aja, omwe anzake analanda kwa ophunzira. Sanali ojambulidwa ndi foni. Analibe mthunzi wa dzanja kapena mphepete mwa tebulo, anali oyera bwino ngati angotuluka kumene m'makina. Anayendetsa chala mpaka pamene panali chithunzi.

Mtima unali wozondoka.

*

Mlonda anali msilikali wopuma, wa ndevu zoyera ndi nsapato zopukuta bwino. Poyankha ankaimirira njo, ngati ali paperete.

"Amake Namwino ndinawasecha, bwana. Polowa, potuluka. M'chikwama munali ambulera ndi mankhwala a mutu. Foni inali m'dirowa yanga mpaka kuweruka."

"Pepala sakanalibisa m'zovala?"

"Akanatero, bwana, koma mkulu wa mayeso anatola yekha pepala lililonse. Mayi wa kukoleji amene uja ngakhale bini anaiyang'ana pansi."

Kumbuyo kwa mlondayo, pakhoma, panali chikwangwani chonena kuti waifai ndi yaulere kwa makasitomala, pansi pake atalemba pasiwedi m'zilembo zikuluzikulu.

"Ichi anaika ndani?"

"Abwana. Amati kasitomala akamaseweretsa foni saona kuchedwa." Mlonda anatsitsa mawu. "Shuga amakhoma, koma intaneti amagawa ngati madzi. Ngakhale wometa tsitsi wa pafupi apa amamwera pomwepa."

"Amakhalitsa pabenchi apa ndani?"

"Amayi a makadi a ukwati. Anyamata ofuna ntchito, odzasindikiza makalata. A Ticha aja ophunzitsa makalasi apadera, iwo ndiye ngati kwawo, amabwera ndi laputopu kudzasindikiza manotsi. Ndi Sipanala, wokonza pulinta." Anasendera pafupi. "Sipanala ameneyo, bwana, iye ndi abwana anakangana mwezi wathawu. Anatuluka akulankhula yekha."

"Anakangana chiyani?"

"Za makina. Ine za makina sindizitsata. Ndimatsata nkhope."

*

Amake Namwino anabwera nawo m'kachipinda kofunsira mafunso atafunda juzi imene mwana wawo anawabweretsera. Anakhala mowongoka, manja pamiyendo. Maso anali otupa koma mawu sankanjenjemera.

"Chithunzi cha mtima chija munachikonza bwanji, mayi?" anafunsa Sajeni.

"Ndinachitembenuza, n'kusunga pafayilo yomweyo. Yakale inatha pomwepo."

"Ndiye pamene munatsala nokha, pakompyuta panali yokonza kale?"

"Inde. Yozondokayo inali m'manja mwa alamu, akupita nayo kumoto."

"Anthu akuti munachitira mwana wanu."

Mayiyo anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Amayi a polisi, ine mafunso amenewo ndinawatayipa ndekha. Ndikanafuna kubera mwana wanga, bwenzi nditangowasunga m'mutu, kukafika kunyumba n'kumunong'oneza. Ndigulitsirenji kwa ana a eni? Mwana ameneyu chimwalirireni bambo ake ndamulera ndi zala khumizi. Sabata ya mayeso amakagona kwa mnzake kuti tisaonane n'komwe. Ndinachita kumuuza ndekha kuti azitero."

"Alamu anu akudziwa zimenezi?"

"Akudziwa. Koma koleji itaimba foni kuti iwalanda ntchito, anafunika munthu wopereka. Ine ndinali pafupi." Anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi. "Ine kundende sindikuopa kwenikweni. Ndikuopa kuti mwana wanga akamadzafunsira ntchito, azidzati ndi uja anachotsedwa chifukwa mayi ake anaba."

Sajeni anamva chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa, chifukwa mlanduwu ukanafufuzidwa bwino tsiku loyamba mayiyu sakanagona pasimenti. Tsopano zinthu zinali zitayamba kulongosoka m'mutu mwake. Mapepala ozondoka anapsa. Kompyuta inali itaiwala. M'chipinda chija munatsala chinthu chimodzi chokha chimene chinaona mtima wozondoka, ndipo chinthucho palibe amene anachifunsa.

"Musaope, mayi," anatero akuimirira. "Lachisanu silinafike."

*

Sipanala anamupeza m'kashopu kake, pakati pa mitembo ya mapulinta, mwendo umodzi uli mupulasitala atausanjika pa katoni. Anali munthu wa pakamwa pothamanga, woyankha funso lisanathe.

"Ndinadziwa kuti mubwera! Chikasowa chinthu, wokonza makina. Magetsi akazima, wokonza makina. Onani mwendowu, amayi. Njinga yamoto inandigwetsa sabata yathayi, ndatuluka m'chipatala dzulo. Kafunseni kuwodi ya amuna, amandidziwa onse, sindinawagonetse."

"Ndikafunsa. Munakangana chiyani ndi a Maloko?"

"Kukangana? Ine ndinkawathandiza! Ndinati, bwana, pulinta iyi si mbaula. Ndi kompyuta yathunthu, ili ndi mimba yake. Chilichonse chomwe mwasindikiza imameza n'kusunga. Ndiloleni ndiitchere kuti izifufuta ikamaliza. Mukudziwa anati chiyani? Ati ayi, makasitomala amabweranso mawa lake kuti onjezerani makadi, ndiye imatithandiza, timangodina batani. Ndinati chabwino, nanga pasiwedi yolowera m'kati mwake? Ikadali imene inabwera nayo kuchokera kufakitale, yolembedwa m'buku la malangizo, aliyense akhoza kuipeza pa intaneti. Ati ukaisintha ndiiwala. Ndinati gawani waifai, ya alendo payokha, ya makina payokha. Ati iwe ukungofuna kundidyera. Basi ndinanyamula zida zanga."

"Koma amazula waya."

Sipanala anaseka mpaka mwendo unamupweteka. "Kuzula waya n'kuigwira pakamwa chabe. Lolemba akamubwezera, pakamwa patseguka, zonse za Loweruka zili m'mimba momwemo."

"Ndiye munthu angazitenge ali kuti?"

"Kutali ayi. Ayenera kukhala pa waifai ya pakampanipo. Pabenchi, pakhonde, ngakhale m'galimoto panja. Amatsegula tsamba la pulinta, kulemba pasiwedi ya kufakitale ija, n'kusankha chomwe akufuna ngati ali pamsika."

"Pulintayo imakumbukira amene analowa?"

"Imasunga nthawi ndi chizindikiro cha makina amene analowa. Dzina la munthu ayi."

Sajeni anaimba foni kuchipatala ali pomwepo. Namwino woyang'anira wodi ya amuna atangomva za wodwala wa njinga yamoto anapuma mozama, n'kunena kuti wodi yonse ikuthokoza kuti anatuluka.

"Tengani ndodo zanu, bambo," anatero Sajeni. "Mukukwera galimoto ya boma."

*

Pulinta sinavute kuulula. Sipanala atailowa, a Maloko ataima kumbuyo kwake, zonse zinali poyera: makadi a maukwati, makalata a maloya, zikalata za chipatala za anthu, mayeso a chaka chino ndi a chaka chatha. Panali mafayilo awiri a Loweruka, ya mtima wozondoka ndi yokonza. Lolemba m'mawa, waya atangobwezeredwa, makina ena achilendo, osakhala a pakampanipo, analowa n'kukopera yoyambayo.

A Maloko anakhala pansi osayang'ana kuti mpando uli pati. Mtolo wa makiyi unagwa, ndipo sanautole.

"Ndiye kuti mlamu..."

"Za mlamu wanu tikamba," anadula Sajeni. "Panopa ndikufuna muchite zomwe mumazitha. Uzani aliyense kuti koleji yabweretsa mayeso atsopano ndipo musindikiza madzulo ano. Landani mafoni. Khomani maloko anu onse mwaphokoso. Zulani waya anthu akuona. Mawa m'mawa mumubwezere monga mwa masiku onse."

"Angabwerenso? Zitavuta chonchi?"

"Abwera. Iye akudziwa kuti wakuba anagwidwa kale, ndipo ophunzira amene anagula mafunso aja akumuvutitsa kuti awapatse ena. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."

Madzulo amenewo m'chipinda chokhoma munasindikizidwa tsamba limodzi lokha. Analilemba Sajeni mwini, fayilo n'kuitcha kuti mayeso atsopano.

*

Lachinayi m'mawa Sajeni anafika atavala diresi la maluwa, atanyamula envulopu ngati mayi wodzasindikiza makalata. Anakhala pampando wa pakona, kumbuyo kwa benchi. Wapolisi mnzake anali panja akucheza ndi mlonda. Sipanala anali m'chipinda cha pulinta, maso pakompyuta, atauzidwa kuti akaona makina achilendo aja alowanso mupulinta akhosomole.

Panabwera mayi wa makadi a ukwati, akudandaula kuti dzina la mkwati analilemba laling'ono. Panabwera bambo wofuna mapulogalamu a maliro. Kenaka panalowa bambo wa tayi ndi chikwama chachikopa, akununkhira sopo, n'kupereka moni kwa aliyense ngati phungu.

"A Ticha, mwadzuka bwanji?" anatero a Maloko.

"Ndadzuka, achimwene, kaya inu ndi mavutowa? Ndamva za alamu anu. Zomvetsa chisoni. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma inu mwalimba mtima, mwaonetsa kuti chilungamo sichiona chibale." Anapukusa mutu. "Ife aphunzitsi zimatiwawa. Timakhetsa thukuta kuphunzitsa ana, wina n'kumawapatsa njira yachidule."

Bamboyu anali ndi makalasi apadera a ophunzira unamwino, ndipo mbiri yake inali yoti kwa iye salephera munthu. Anapereka manotsi ake pakauntala kuti asindikizidwe, n'kukhala pabenchi, n'kutsegula laputopu pamiyendo.

"Makina ayamba kugwira?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ndangolumikiza kumene," anayankha a Maloko.

Sajeni ankaona msana wa bamboyo ndi ngodya ya sikirini. Zala zinkayenda mosafulumira, mozolowera. Mayi wa makadi anali akadali pa nkhani ya mkwati. Kenaka kuchipinda kuja kunamveka chifuwa, chifuwa chonyanyira, cha munthu amene sanauzidwepo kuti achite zinthu mwakachetechete.

A Ticha sanachimve. Anali atatsegula fayilo. Patsambapo panali mzere umodzi wokha, wa zilembo zikuluzikulu: MWADZUKA BWANJI? TACHEUKANI.

Anacheuka.

"Ndadzuka bwino, kaya inu," anatero Sajeni, chiphaso chake cha upolisi chili m'manja. "Laputopu isiyeni yotsegula choncho. Manja achotseni pang'onopang'ono."

Bamboyo anayesa kuseka. "Mayi, pali kusamvetsetsana. Ine ndimangoona ngati manotsi anga afika."

"Manotsi anu ali pakauntala, m'mapepala. Lolemba munali pabenchi lomweli?"

"Ndimabwera kawirikawiri. Si mlandu."

"Ndipo munatenga fayilo yoyamba imene munaiona, osayang'ana kuti pali inzake. Mphunzitsi wa anamwino, kugulitsa mtima wozondoka osazindikira! Ana mumawaphunzitsa chiyani kumakalasi kwanuko?"

Sipanala anatulukira akudumphira pandodo, n'kuyang'ana laputopuyo, n'kugwedeza mutu. Chizindikiro chinali chomwecho cha Lolemba. M'kati mwake anapezamo mayeso a chaka chino, a chaka chatha, ndi makalata a anthu ena amene sankamukhudza n'komwe.

Tayi inali itayamba kuwathina a Ticha. "Ine sindinathyole chilichonse," anatero, ulemu wonse utatha. "Pasiwedi ili pakhoma. Inayo ili m'buku. Chitseko chinali chotsegula!"

"Ngakhale chitseko chotsegula timaodira, bambo. Imirirani."

Mlonda anatsegula chitseko cha panja, n'kuima njo. "Lafote lakwana, a Ticha," anatero mwaulemu wonse.

Galimoto isananyamuke, Sajeni anabwerera m'kati. Anapeza a Maloko akuchotsa okha chikwangwani cha waifai, Sipanala akuwalamula ali pampando wa abwanawo.

"Pasiwedi yatsopano, yaitali, ndipo simuilemba pakhoma. Pulinta izifufuta ikamaliza ntchito iliyonse. Waifai ya alendo payokha. Pulogalamu ya m'kati mwake tiziikonzanso ikatuluka yatsopano. Mwamva, bwana?"

"Ndamva."

"Ndipo anthu onse amene makalata awo anakoperedwa muwauze," anawonjezera Sajeni. "Lero lomwe. Mukatha mubwere kupolisi, pali munthu woti mumuone."

*

Dzuwa lili paliwombo, amake Namwino anatuluka pakhomo la polisi. Sajeni anali atalankhula kale ndi mkulu wa mayeso, ndipo anawauza mayiwo mawu ake momwe analili: mlandu palibe, mwana alemba mayeso pamodzi ndi anzake. Mwana wawo wamkaziyo anali pakhomo pomwepo, buku lili m'khwapa. Anathamanga n'kuwakumbatira mayi ake.

A Maloko anali ataimika galimoto pafupi ndi geti, chitseko cha kutsogolo atatsegula kale. Anayandikira chipewa chili m'manja.

"Mlamu, zachitika zachitika. Pepani kwambiri. Akulu anu akudikira kunyumba, aphika. Kwerani ndikakutuleni. Mawa mupume, Lolemba mubwere kuntchito."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, mopanda ukali.

"Alamu, tsiku lija ndinakuyang'anani m'maso, ndinakuuzani kuti sindinabe. Munayang'ana kumbali. Ana anu ndawabereka kumsana, maliro a amayi anu ndinagona nawo pansi, koma mawu anga sanakwane. Lero mwakhulupirira chifukwa makina akuuzani."

A Maloko anangopinda chipewa chija m'manja.

"Kuntchito ndibwera, poti mwanayu ayenera kumaliza sukulu. Akulu anga muwauze kuti ndikawaona ndekha." Anakonza juzi paphewa, n'kugwira dzanja la mwana wawo. "Koma galimoto yanuyo kwerani nokha."

Anatuluka pageti awiriwo, kulunjika kokwerera basi.